Shamsa wakana nsomba

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Tsiku lachinayi chibwerere kuchokera ku Ngala. Amayi anakazinga utaka, ine ndadyera chigwada chokha. Atafunsa, ndati m'mimba simuli bwino. Bodza.

Zoona zake ndasiya zonse. Nyama, nsomba, mazira, mkaka. Miyezi itatu kukhitchini ya loji ya ku Ngalako ntchito yanga inali kusosola nkhuku ndi kutumbula nsomba. Tsiku lina ndinadula mutu wa mlamba, koma pakamwa pake panali pakuyasamabe m'beseni mpaka ndinamaliza kutsuka mbale. Chakudya sichinalowe. A Eston, ophika a palojipo, anandionetsa zomwe amaphikira alendo osadya chilichonse chochokera ku nyama. Ndinayesa sabata, kenako mwezi. Kumeneko kunali kosavuta. Koma kuno ndine mwana wa a Hassani, amene mudzi wonse, ndi Akhristu omwe, umawabweretsera mbuzi kuti azinge. Ndiyambira pati?

Lachitatu, 7 Ogasiti

Tiyi wopanda mkaka. Amayi anawiritsa mazira awiri, akuti odwala adye. Ndawabweza. Andiyang'ana nthawi yaitali, osati kumaso ayi, cham'munsimu.

Mwera sunaleke. Zovala zauma msanga.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndikupeta mpunga kuseri, ndamva Amayi ndi azakhali a Madina pakhonde. Mawu apansipansi. "Nsomba wakana, mazira wakana, fungo la mafuta akuthawa." Azakhali: "Ku loji miyezi ingati?" "Itatu."

Ndinayamba kuseka ndekha. Akuganiza kuti ndili ndi pakati! Kuseka sikunachedwe kutha. A Madina akadziwa chinthu m'mawa, madzulo chimakhala chafika ku Benga.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ababa atabwera kumzikiti anapeza aneba akudikira ndi tambala. Kuyambira ndili wamng'ono ndimawagwirira mapiko ndine. Andiitana. Ndati manja anga ali ndi sopo. Ababa anaponda mapiko ndi phazi, Bismillah, basi. Ine ndinali m'nyumba, manja ouma.

Loweruka, 10 Ogasiti

Azakhali anditengera pansi pa mtengo wa mango, andifunsa mosazungulira kuti mwini wake ndani. Ndawauza zonse, za mlamba, za a Eston, zoti ndinanama za m'mimba chifukwa choopa kukhumudwitsa Ababa. Iwo angogwira dzina: a Eston amenewo ndi okwatira? Ndati ndi agogo, ali ndi zidzukulu zisanu. Akuti zimenezo sizinaletsepo munthu.

Akuti wobadwira kunyanja sakana nsomba popanda chifukwa, ndipo chimene Mulungu analoleza, ine ndine yani kuti ndichiyese haramu. Ndayankha kuti sindikuti n'charamu, ndikungoti sindikufuna kudya. Sanamve. Lolemba tipita kuchipatala, ine, iwo ndi Amayi.

Ndavomera. Chondipweteka si kuyezetsako. Amayi anali pakhomo la khitchini nthawi yonseyo, ndipo sananene kuti mwana wanga ndimamudziwa.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Nyemba ndi mpunga. Palibe wolankhula.

Lolemba, 12 Ogasiti

Palibe mimba. Anamwino ananena pamaso pathu tonse atatu. A Madina anati alhamdulillah, n'kukumbukira kuti ali ndi zogula kumsika.

Anamwinowo sanandisiye choncho. Anandiyeza magazi, akuti alipo okwanira koma ali m'malire. Ndizidya nyemba, nandolo, soya, nsinjiro, masamba obiriwira tsiku lililonse, ndipo pali vitamini wina amene m'masamba mulibe, ndizigula mapiritsi ake. Ndibwerenso pakatha miyezi itatu. Anandiuza ngati nkhani wamba, osadabwa. Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira.

Pobwera tinayenda wapansi, awiriwiri ndi Amayi. Titafika pamlatho Amayi anati, maso ali kutsogolo: "Mimba bwenzi ndikudziwa chochita. Koma izi? Chakudya changa chakulakwira chiyani, Shamsa?"

Ndati sichinalakwe, ndipo chigwada chotendera chawo palibe amene amachitha, ngakhale a Eston. Ndawauza za beseni lija pang'onopang'ono. Amvetsera. Akuti iwo anatumbula nsomba chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo palibe anawafunsapo ngati akufuna. Sanapepese. Pafupi ndi nyumba anandichotsa kaudzu pa mpango, n'kuukonza bwino kumbuyo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ababa ndawauza ndekha, asanamve kwa ena. M'mawa, akusoka ukonde pakhonde. Ndinagwada chapatali. Ndati sindidzawagwiriranso nkhuku, andikhululukire.

Anapitiriza kusoka. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

"Unandionapo ndikudya nyama tsiku limene ndazinga?"

Ndinafufuza m'mutu. Maukwati, sadaka, Idi zonse. Mbale yawo imabwerera kukhitchini nyama ili momwemo, ife ana n'kumalimbirana. Ndinkayesa amatisiyira chifukwa chotikonda.

Akuti zaka makumi atatu, ndipo dzanja limalemerabe. Amazinga okha chifukwa mpeni wawo ndi wakuthwa ndipo sachedwetsa, wina angazunze chiweto. Koma za nsomba akuti sakundimvetsa, mwina sadzandimvetsa. Mazira ndiye angopukusa mutu. Akutinso Amayi asamaphike miphika iwiri chifukwa cha ine, ndiwo zanga ndizidziphikira, ndipo ndisadzanyoze mbale ya munthu pakhomo pano. Ndavomera zonse.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ababa anandidzutsa itangotha swala, pemphero la m'mawa, akuti tiye kudimba. Kumunsi kwa munda wa mpunga kuli kachigawo kamene kanagonera zaka ziwiri. Anayenda mapazi makumi awiri uku, khumi ndi asanu uku, akukhoma zikhomo za chinangwa m'makona. Akuti chinyontho chilipo mpaka Okutobala, nyemba zitha kucha ndikafulumira.

"Wakana za m'madzi. Lima zako."

Anandisiyira khasu n'kubwerera. Ndalima mizere inayi, m'manja matuza awiri. Cha m'ma naini ndinaona Amayi akutsika njira ya kudimba, kanthu atamanga pansonga ya chitenje. Mbewu ya khobwe, ya kwa amayi awo ku Malengachanzi. Anayang'ana mizere yanga, akuti yapindika. Anavula masilipasi, n'kutenga khasu.