Mwana wa Felesiya pachifuwa changa

Amayi, kumene muliko kwacha bwanji? Ndine Esinati, mwana wanu woyamba, uja munkati pakamwa pake sipaola mawu. Kuno tadzuka. Chisanu cha chaka chino chinali choipa, chiperoni chinatsika m'phiri mpaka tinakhala masiku anayi osaona dzuwa, koma tsopano kwayamba kufunda. Chimanga chinachita bwino, nkhokwe yanu yadzaza. Nandolo wayamba kuuma. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi fisi anatenga. Ndalama za kwacha zija munapita mukuzitchulabe mashereni, pano ngakhale nkhalamba za pamsika zazizolowera.

Koma sindinakhalire pansi nkhani ya mbuzi. Felesiya, mng'ono wanga, mwana wanu wapamtima, anabereka. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri yokha pamene matenda anayamba. Amuna ake, aphunzitsi a Fadiweki, anathamangira kumsewu, naimitsa lole ya matabwa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atafika kuchipatala chachikulu ku Zomba. Kanabadwa kamwana kakakazi ka mapaundi atatu. Nditapita kukazonda ndinakapeza m'kabokosi kagalasi kofunda ndi magetsi, kapaipi kali m'mphuno, khungu lofiira ngati la mwana wa mbewa. Abusa anali atafika kale kudzapemphera, ndipo dzina linali litaperekedwa. Anamutcha Nelesi, dzina lanu. Dzina limenelo ndinkasungira mwana wanga zaka zonsezi, ndipo Felesiya ankadziwa. Palibe amene anandifunsa.

Anakhala kumeneko milungu isanu ndi umodzi. Powatulutsa, mwana anali atangopitirira mapaundi anayi, ndipo anesi anatiika pansi kutiuza malamulo. Mwanayu asazizidwe ngakhale pang'ono. Poti kuyamwa akulephera, mkaka uzifinyidwira m'kapu yowiritsa, azimwetsedwa ndi sipuni pafupipafupi, usana ndi usiku. Alendo asamapatsirane mwana ngati chipanda cha thobwa. Womugwira azisamba m'manja ndi sopo. Anati iwo eni azibwera panjinga Lachinayi lililonse kudzamuyeza pa sikelo, ndipo akatsika thupi abwerera naye kuchipatala.

Tsono Felesiya anabwera wodwala, bere limodzi litatupa, thupi likutentha, manja akunjenjemera. Akati anyamule mwana, ankangolira. Amayi aang'ono, a Rute, anasonkhanitsa akazi a pamudzi pano kuti aone woti amulere. Mwambo mukuudziwa, munatiphunzitsa ndinu: mkazi amene akugona ndi mwamuna ndi wotentha, akagwira khanda losakhwima amalisempha, limatupa masaya ndi miyendo. Ndife akhristu a ku mishoni, inde, koma zimenezi palibe anazisiya pakhomo la tchalitchi. Anawerenga mmodzimmodzi, onse ali ndi amuna m'nyumba. Kenaka maso onse anagwera pa ine, amene a Jemusi anga anali ku migodi ku Joni chaka chachiwiri. "Esinati ngozizira," anatero a Rute. Ndinaseka, Amayi. Zaka zonsezi kusowa kwanga, kwa mwana ndi kwa mwamuna m'nyumba, kunali kochititsa manyazi, lero kwapeza ntchito.

Ndinanyamula mphasa yanga kukalowa m'nyumba yamalata ija munkainyadira kwa aliyense wodutsa. Ndikuuzeni, malata nthawi yachisanu ndi mwala wa mumtsinje wa Domasi. Anesi anatiuza kuti tizikulunga mabotolo a madzi ofunda m'nsanza n'kuwaika m'mbali mwa mwana m'dengu, koma mabotolowo sankachedwa kuzizira. Tsiku lachitatu m'mawa ndinagwira kaphazi kake n'kupeza kali zii. Sindinafunse munthu. Ndinamuvula, n'kumulowetsa m'kati mwa diresi langa, khungu lake pa khungu langa, n'kumanga chitenje pamwamba. Posakhalitsa anayamba kutakataka. Anesi atabwera anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Amayi, musamuchotsemo. Botolo lilibe mtima." Kuyambira pamenepo ndinkagona chokhala, nditatsamira khoma. Felesiya ankafinya mkaka, ine n'kumadonthezera ndi sipuni, dontho limodzilimodzi.

Apa ndiye ndikufuna mundimvere, chifukwa muli moyo sindikanatha kunena. Mukukumbukira wanga? Papita zaka zisanu ndi zitatu. Nayenso anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri, m'khitchini mwanu, mvula ikugwa. Anali wamwamuna. Analira, Amayi, munamumva. Ndinakupemphani kuti tipite naye kuchipatala, inu munati mwana wa m'chikuta saoloka msewu. Anakhala masiku atatu. Atapita munati, "Usalire, ungatseke mimba. Ameneyu sanali munthu, anali madzi, wangobwerera." Inu ndi a Rute munakamuika m'mphepete mwa dambo, akazi okhaokha, popanda nyimbo, popanda dzina. Sindinalire, ndinakumverani. Mimbayo inatsekekabe.

Manja angawa anyamula onse awiri, ndipo ndikulumbira, wanga anali wolemera kuposa uyu. Anali ndi tsitsi, anali ndi mawu. Uyu anapeza lole, anapeza bokosi lagalasi, abusa, anesi a panjinga, dzina lanu, ndi chifuwa changa chomwe. Wanga anapeza chiyani? Ndachita nsanje ndi Felesiya kuyambira tili ana, pamene inu munkamupatsa chiwindi cha nkhuku ine n'kulandira khosi, pamene iye anapitiriza sukulu ine ndikulondera mbalame kumpunga. Koma sindinkadziwa kuti munthu angachite nsanje ndi khanda limene likupuma pamtima pake. Ndinachita. Ndinkamuyang'ana akugona, ndimvekere mumtima, iwe uli ndi mwayi wanji?

Munkakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawu amenewo amakoma kwa amene ali ndi wakewake. Lachinayi lililonse anesi ankapachika sikelo pa mtengo wa mango uja munabzala, n'kumuika Nelesi m'kansalu. Anatiuza kuti akadzafika mapaundi asanu ndi limodzi, n'kuyamba kuyamwa yekha, chifuwa changa chidzapumula. Onse ankayang'ana singano ya sikelo kuti ikwere. Lachinayi lina sinasunthe. Felesiya anagwa pansi ndi kulira, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, mtima wanga unakondwa, poti mwanayo akhala nane mlungu wina. Chimwemwecho chinandiopsa kuposa maliro. Tsiku limenelo ndinamumwetsa mosadumphitsa, ndipo sindinauze munthu mpaka lero.

Mlungu wotsatira a Jemusi anatulukira. Anatsika basi ndi sutikesi, bulangete latsopano, wayilesi, ndi chipewa chakuda pamutu, atanenepa ngati si aja anachoka. Akazi anaimba nthungululu. Ine ndinatuluka kudzawalonjera ndili ndi mwana wa mwini m'diresi, osatha ngakhale kugwada bwinobwino. Zaka ziwiri, Amayi. Ndipo mukudziwa zimene apongozi anga ku Naisi akhala akunena, zoti munda wosabereka suyenera kuthera munthu mbewu, zoti atsikana alipo ambiri. Ndinadziwa kuti ndikapita kukagona kunyumba kwanga, Nelesi sindimugwiranso. Ndinadziwanso kuti ndikapanda kupita, ndikuwakankhira ndekha amuna anga m'manja mwa amayi awo.

Ndinafunsa anesi. Iwo anaseka, nati, "Sopo ndi madzi basi. Kutentha kumene ndimakudziwa ine n'kwa malungo." Mwina akunena zoona, anaphunzira. Koma mwana akanati angotsokomola kamodzi pambuyo pake, chala cha mudzi wonse chikanaloza ndani? Komanso ine ndemwe sindikanalimba mtima kuyesa pa kamoyo kakang'ono ngati kameneko. Felesiya anadzandigwira miyendo. "Achemwali, chonde, milungu yochepa yokha. Akachoka pa inu afa." Ndinamuyankha zoipa. Ndinati, "Iwe uli ndi mwana, uli ndi mwamuna, uli ndi malata. Ukufunanso banja langa?" Iye anangogwirabe miyendo yanga. Mwana anatakataka pachifuwa, nthawi yomwetsa inali itakwana, ndipo ndinakatenga sipuni.

A Jemusi ndinawauzira kuseri kwa nkhokwe. Anamvetsera akuyang'ana pansi, akutembenuza chipewa m'manja.

"Ndiye mpaka liti?" anafunsa.

"Mpaka mapaundi asanu ndi limodzi."

"Pano ali pati?"

"Asanu osakwana."

Anati, "Ndaona. Ndikakhala kwathu." Anasiya bulangete, natenga sutikesi ndi wayilesi. Ndinaima pamenepo mpaka chipewa chinabisika m'chinangwa cha a Rute.

Milungu inayi imeneyo ndiyo inandiwondetsa. Madzulo a Fadiweki akaweruka kusukulu ankakhala pakhonde ndi mkazi wawo, akumusendera nzimbe, akuseka, ine ndili m'kati ndi mwana wawo. Mayi wina wogulitsa matemba anabwera dala kudzandiuza kuti ku Naisi kuli mtsikana amene amatungira a Jemusi madzi osamba, n'kumachapanso malaya awo. Ananena akundiyang'ana m'maso kuti aone ngati ndigwe. Ndinagula matemba akewo, n'kumuthokoza. Atachoka ndinalowa m'nyumba, n'kuluma chitenje kuti Nelesi asadzidzimuke. Munkati nsanje ndi njenjete, imadya mwini nsalu. Inandidyadi, ndipo sindinaione ikudya Felesiya, amene anachira bwinobwino n'kuyamba kunenepa.

Nelesi anayamba kuyamwa yekha, pang'onopang'ono. Lachinayi lapitali singano inakwera n'kuima pa sikisi. A Rute anaimba nthungululu. Felesiya anamutenga m'kansalu ka sikelo momwemo, osadutsanso m'manja mwanga, n'kumukumbatira. Ine ndinangoima, diresi lili lendee kutsogolo, mphepo ikulowa pomwe ankagona. Anesi akumangirira sikelo panjinga anandiitana pambali. Anati, "Pali bambo wina wa chipewa chakuda amandiimitsa pa Naisi Lachinayi lililonse ndikamabwerera. Safunsa china, amangoti singano yafika pati. Lero ndikawauze chiyani?" Ndinati akawauze kuti sikisi yakwana.

A Jemusi anabwera m'mawa mwake, sutikesi pamutu, wayilesi m'manja. Za mtsikana wotunga madzi sindinafunsebe. Ndidzafunsa, mukundidziwa, koma osati mlungu uno.

Tsono pano ndine wotentha. Nelesi sindiloledwa kumugwira mpaka makolo ake adzamutengere kumphasa. Nyumba zathu zayang'anizana, ndipo akamalira ndimamva. Kulira kwake ndimakudziwa kuposa mayi wake, ndimadziwa kwa njala ndi kwa kuzizidwa, ndipo ndimaona kuti Felesiya amachedwa kumufunditsa kumapazi. Ndimangokuwa ndili pakhomo panga, iye n'kuyankha kuti, "Ndamva, achemwali," mwa mawu a munthu amene watopa nawe. Lamulungu a Fadiweki anaimirira m'tchalitchi kuthokoza. Anatchula Mulungu, madokotala, anesi, mpaka dalaivala wa lole ya matabwa. Ine ndinalowa m'mawu oti "ndi abale onse". Felesiya anandibweretsera chitenje chatsopano, chokongola ndithu. Ndachiika pansi pa sutikesi.

Dzulo masana ndinawatenga a Jemusi kupita nawo kudambo. Malowo sanawaonepo, poti amuna sankaloledwa. Pamera tsekera, koma ine sindinasokere. Ndinalira, Amayi, kulira kumene munandiletsa, ndipo iwo anavula chipewa osandiletsa. Tamupatsa dzina. Ndi Yohane, dzina la agogo ake a ku Naisi.

Sindikukuimbani mlandu. Munachita zimene amayi anu anakuphunzitsani. Koma ndikulonjeza ichi: Mulungu akadzandikumbukira, mwana n'kubwera masiku asanakwane, sindidzamvera a Rute kapena wina aliyense. Lole ikadzasowa ndidzayenda wapansi mpaka ku Zomba, iye ali m'diresi langa.

Ndipo ndili ndi pempho limodzi. Nelesi wa Felesiya ali ndi anthu okwanira kuno, musamudere nkhawa. Yohane ali ndi inu nokha. Mumufunefune kumeneko, ndi wamng'ono, watsitsi lambiri. Mukamupeza musamuike m'dengu. Mumulowetse m'kati mwa diresi lanu, khungu lake pa khungu lanu, mumange chitenje pamwamba, ndipo muzigwira kaphazi kake kuti muone ngati kafunda.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale munandipatsa khosi la nkhuku,

Esinati