Masokosi Ovala Lamulungu Lokha

Aphungu,

Ndine wometa tsitsi, ndipo ntchito yanga ndi yachiimire kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Miyendo yanga inali ndi mitsempha yotupa, yopotana ngati nyongolotsi, mpaka adokotala anachotsa mitsemphayo pa opaleshoni. Ndinasangalala zedi. Ndinayambiranso kuvala kabudula, mkazi wanga n'kumati wakwatiwa ndi kamnyamata.

Koma taonani, mitsempha ija yabwereranso, makamaka kuseri kwa bondo lamanzere. Makasitomala akungondiseka kuti adokotala anameta pamwamba, mizu n'kuisiya. Mkazi wanga ndiye wavuta: "Gulitsani mashini ometerawo, mukakhale pa kauntala kusitolo kwa achimwene." Aphungu, ine ndi alamu angawo sitimwerana madzi, komanso kashopu kangaka ndimakakonda.

Chondidabwitsa n'chakuti sindine wosasamala. Masokosi othina amene anandipatsa kuchipatala ndimawasunga bwino, ndimavala Lamulungu lokha kuti asathe msanga. Kodi adokotala anandipusitsa?

B.K., wometa tsitsi

A B.K.,

Adokotala sanakupusitseni. Opaleshoni imachotsa mitsempha yowonongeka, koma sichotsa chimene chinaiwononga. M'mitsempha muli titseko tothandiza magazi kukwera kumtima. Titsekoti tikafooka, magazi amadikha m'miyendo. Kufookaku kawirikawiri kumakhala kwakumtundu, ndipo chiimire chanucho chimangowonjezera. Ndiye mitsempha ina imene inali bwinobwino imayamba kutupa nayonso.

Za masokosizo mwandiseketsa, bambo. Si suti ayi! Mukuwavala tsiku limene mumakhala pansi, n'kuwapumitsa masiku amene miyendo ikuvutika. Muzivala m'mawa uliwonse musanayambe ntchito, muzivula pogona. Akatha, apezeni ena.

Gulani mpando wautali woti muzikhalira pometa. Kasitomala akadzuka, yendaniyendani pang'ono, nyang'amani kangapo. Mukafika kunyumba, gonani n'kutsamiritsa miyendo pa pilo. Kenako bwererani kuchipatala akaunikenso mwendowo, chifukwa njira zothandizira zilipo.

Mashini musagulitse. Pa kauntala paja napo munthu amangoima kapena kukhala malo amodzi tsiku lonse, ndiye miyendo singapindule kanthu. Koma mayi akunyumbawo musawakalipire, akuopa kuti mungalumale. Pitani nawo limodzi akadzimvere okha kwa adokotala.

Chenjezo langa ndi ili: mwendo ukatupa mwadzidzidzi, kutentha, kupweteka kwambiri, kapena pakatuluka bala losapola, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale kasitomala atsale ndi mutu wometa mbali imodzi. Akwiye, mawa abweranso.

Aphungu