Dikoni Elbert Sanamwalire

Lachinayi

10:41 Abusa Odessa: verlene mwana wanga usakuwe. minibasi ya mpingo yafera pa filling station, utsi wokhawokha

10:41 Verlene: abusa ayi

10:42 Verlene: ayi ayi ayi. adadi akufunika ku ofesi ya zisankho 2 koloko. akapanda kuonekera pamaso pa bodi ya zisankho awafufuta mu kaundula wa ovota ngati munthu wakufa

10:42 Verlene: ine ndili pa shift kuno ku macon, odwala mbwee, sindingachoke

10:44 Abusa Odessa: ndikudziwa. ine ndili kale ku ofesiko ndi amayi a kwaya amene mayina awo akufunanso kuwafufuta. sindingawasiye okha, mayi Pearlie akufuna kumenya munthu ndi chipewa

10:45 Abusa Odessa: munthu mmodzi wangokhala pa computer kwake n'kulembera bodi kuti theka la mpingo wathu linasamuka kapena linafa. ndimukhululukira lamlungu, lero ayi

10:46 Abusa Odessa: ndikumuika alonzo wa kampani yoyendetsa maliro pa gulu lino. amatibwereka limo, galimoto yake yapamwamba ija, nthawi ya mavoti

Abusa Odessa aika Alonzo pa gulu

10:48 Alonzo: mwadzuka bwnj okondedwa. ndani watisiya

10:48 Verlene: palibe watisiya iwe

10:49 Abusa Odessa: dikoni Elbert akufuna transport. boma likuti anamwalira, akuyenera kukaonetsa kuti ali moyo

10:49 Alonzo: dikoni amwalira osandiuza ine? apita kwa ndani? ndikamva kuti kwa anyamata a maliro a ku albany aja ndikwiya

10:50 Verlene: alonzo ndilibe nthawi. munthuyo anaona za maliro a achimwene anga Junior mu nyuzi. dzina ndi limodzi, Elbert Crenshaw, nyumba ndi imodzi. basi akuti wafayo ndi adadi

10:51 Alonzo: ooh. pepa verl

10:52 Alonzo: vuto ndi loti limo yapita ku ukwati. yatsala yaitali ija

10:52 Verlene: yaitali iti

10:52 Alonzo: yaitali verlene. ya makatani

10:53 Verlene: AYI

10:53 Alonzo: kutsogolo kuli mpando wabwinobwino, ac ikugwira. palibe amene anadandaulapo

10:53 Verlene: akanadandaula bwanji

10:55 Abusa Odessa: magalimoto onse a mpingo ali kuno kapena ku ntchito ku fakitale ya nkhuku. pita alonzo. lazaro sanasankhe njira yotulukira

11:24 Verlene: ALONZO WACHITA CHANI

11:24 Verlene: mayi Earline oyandikana nawo nyumba andiimbira akulira. akuti pepa mwana wanga, bambo ako anali munthu wabwino ngakhale anali ouma mutu

11:25 Alonzo: ndangoimika galimoto pa geti. sindinatsike n'komwe. makatani onse a msewu uno agwedezeka

11:27 Alonzo: afika ndi mbale ya makaroni a tchizi. yotentha verl. mayi amenewa amakhala nayo yokonzeratu?

11:29 Alonzo: kkkkkk dikoni atulukira pakhonde, suti yakuda, chipewa pamutu. mayi Earline akuwa yesu n'kukhala pansi pa kapinga

11:29 Alonzo: mbale sanaigwetse

11:30 Verlene: apatse foni adadi

11:33 Alonzo: 🎤 mawu 0:44
Verlene. Ndine bambo ako, amene boma likuti ndinafa. Wanditumizira chiyani ichi? Ndadzuka mmamawa, ndameta ndevu, ndapukuta nsapato, ndikudikira minibasi ya Ambuye, kenako kukutulukira Alonzo ndi bokosi lake la matayala. Galimoto iyi ine sindikwera. Tsiku lokwera lidzafika ndipo simudzandifunsa maganizo. Iwe Alonzo, siya kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndikudziwa kuti ukundiyeza. Ndiyenda wapansi. Ndinayendapo wapansi kukalembetsa voti agalu apolisi ali m'mbuyo, iwe Verlene usanabadwe. Earline, dzuka apo, makaroniwo ukaike m'nyumba, ndidzadya ndekha pa maliro anga.

11:34 Verlene: wapansi?? ndi bondo lija? akafika mawa

11:36 Alonzo: anyamuka kale. ndodo m'manja. ndikuwatsatira pang'onopang'ono

11:36 Verlene: ukuwatsatira ndi galimoto ya maliro

11:36 Alonzo: ndiwatsatire ndi chani

11:52 Alonzo: abusa tili ndi kavuto

11:52 Alonzo: mukudziwa kuti kuno munthu sapitirira galimoto ya maliro. kumbuyo kwanga kwadzaza. onse ayatsa nyali

11:53 Alonzo: obwera kutsogolo akupatuka n'kuima m'mbali mwa msewu. mzungu wina amatchetcha udzu, wazimitsa makina wavula kapu

11:53 Alonzo: dikoni amuuza kuti vala kapu yako mnyamata, sindinafe, ndikupita kukawauza

11:55 Abusa Odessa: aleluya. mpingo wakhala ukupempha chilolezo choguba mumsewu kwa miyezi, dikoni ayambitsa okha

11:55 Verlene: abusa musaseke plz, bp yawo

11:56 Verlene: alonzo pempha mmodzi wa akumbuyowo awanyamule

12:04 Alonzo: ndayesa. woyamba ndi lole ya mitengo ya paini, driver wavomera bwinobwino

12:04 Alonzo: dikoni akuti anakwerapo galimoto ya munthu wosamudziwa mu 65 ndipo anatsika mano awiri palibe. akuti atsalawa anawonongerapo ma dollar ambiri

12:05 Verlene: mxii

12:05 Verlene: ndikuyeza munthu shuga kuno diso limodzi lili pa foni

12:21 Alonzo: akhala pansi pa mtengo wa pecan pafupi ndi mlatho. ndawapatsa madzi. ndauza anthu apitirire, ena akukana akuti adikira mwambo uthe

12:22 Alonzo: sitinafike n'komwe pa tchalitchi cha methodist verl. wapansi sizitheka

12:23 Abusa Odessa: bodi yayamba kuitana mayina. ndapempha kuti dikoni akhale omaliza. akuti ikakwana 2 wosapezeka afufutidwa basi

12:24 Alonzo: sindikumvetsa. dikoni saopa maliro, amaimba pa manda onse. galimoto yawalakwira chani

12:31 Verlene: alonzo

12:31 Verlene: tsiku la maliro a Junior anakhala pa mpando wakutsogolowo ndani

12:38 Alonzo: eya

12:38 Alonzo: anakana limo. anati mwana wanga sapita yekha

12:39 Alonzo: ndine chitsiru

12:39 Verlene: si iwe wekha. ndinadziwa pomwe unati yaitali, ndinangoganiza kuti mwina apirira

12:40 Verlene: afunse ngati angandilankhule

12:47 Alonzo: 🎤 mawu 1:06
Mwana wanga. Alonzo akuti ukulira pa ntchito, usalire, odwala aganiza kuti zawo zavuta. Mpandowo ndi nkhani ina. Ndikuuze yeniyeni. Abusa anandionetsa kaundulayo sabata yatha. Dzina langa analilemba mzere, koma la Junior lilipo. Elbert Crenshaw wamng'ono, Pine Street, lilipo bwinobwino ngati munthu amene wangopita kukagula buledi. Ku banki anamuchotsa, ku ntchito anamuchotsa, nambala yake ya foni anapatsa mtsikana wina wa ku Valdosta, ndinaimbapo. Malo amodzi okha padziko pano akuti mwana wanga ali moyo. Ndiye ukufuna ine ndikaime pamaso pa anthu ndinene kuti mwalakwitsa, wakufayo ndi uyu? Ndimati ndikayenda wapansi ndikafika mochedwa, ndiye palibe amene anene kuti dikoni anathawa. Asiyeni, Verlene. Ine ndavota mokwanira.

12:48 Abusa Odessa: Ambuye Yesu

12:48 Abusa Odessa: verlene ndilankhule nawo?

12:49 Verlene: ayi abusa zkm. iyi ndi yanga

12:56 Verlene: 🎤 mawu 1:12
Adadi, ndabisala mu store ya mabulangeti, ndiye mundimvere kamodzi, sindibwereza. Ndani ankayendetsa minibasi ya mpingo pa mavoti onse? Junior. Ndani ankagogoda pa zitseko mmamawa, kukoka anthu m'mabedi, mpaka a Willie a mumpingo aja anapita kukavota atavala pajama? Junior. Inu nomwe ankakunenani kuti mumachedwa ndi tayi. Lero mumuuze munthu ameneyo kuti dzina lake likhale pa pepala lopanda dzanja, inu muli phee pakhonde tsiku la voti? Angakunyamuleni pamapewa, mukumudziwa. Dzina lake lili pa mwala, lili pa ana ake, lili m'kamwa mwanga tsiku lililonse, silikusowa kaundula. Adadi, imfa inanditengera mchimwene wanga ndipo sindinathe kuchita kanthu, ine nesi wathunthu. Koma munthu wa pa computer sanditengera bambo ndikuona. Kwerani galimotoyo. Munamuperekeza iye pa mpando umenewo, lero akuperekezeni inu.

12:57 Verlene: aseweretse pa loud, khutu lakumanzere silimva

13:03 Verlene: alonzo?

13:09 Verlene: alonzo

13:10 Abusa Odessa: asiye kaye mwana wanga

13:17 Alonzo: akwera

13:17 Alonzo: akuti nditsegule zenera mukununkha maluwa

13:18 Verlene: 😭😭 thamanga

13:18 Alonzo: galimoto iyi sinathamangepo chiigulireni. tiona

13:31 Alonzo: wapolisi watiimitsa

13:31 Verlene: ayi Mulungu wanga

13:32 Verlene: manja pa steering alonzo. adadi asalankhule. ADADI ASALANKHULE

13:36 Alonzo: alankhula

13:36 Alonzo: mnyamatayo anabwera chipewa pachifuwa, akuti bwana simunatiuze kuti muli ndi maliro lero, ndikutsogolereni ku manda ati

13:37 Alonzo: dikoni akuti ku ofesi ya zisankho, ndipo malemu ndine, fulumira

13:37 Alonzo: wayang'ana kumbuyo mulibe bokosi. wayang'ana dikoni. wati yes sir

13:38 Alonzo: tikuyenda ndi siren verl. ma robot onse tikungodutsa. dikoni akubayibitsa anthu

13:52 Abusa Odessa: AFIKA

13:52 Abusa Odessa: kwaya inali panja ikuimba. ataona galimoto ya alonzo asintha nyimbo pakati, ayamba ya pa manda. chitseko chatseguka, dikoni atsika akukonza tayi

13:53 Abusa Odessa: mayi Pearlie athawira ku toilet ya abambo

13:53 Verlene: kkkkkk ndikulira ndikuseka, sister in charge akuti ndikayezetse

13:54 Abusa Odessa: tikulowa. mafoni akuti tizimitse

14:10 Verlene: zili bwnj

14:19 Verlene: abusa?

14:27 Verlene: wina andiyankhe chonde

14:33 Abusa Odessa: 🎤 mawu 1:20
Verlene, khala pansi. Choyamba, munthu wodandaula uja sanabwere n'komwe. Ataitana dzina lake kunali zii, dikoni n'kuti, wakufa wabwera, wamoyo ali kuti? Holo yonse kuseka, ngakhale wapampando wa bodi anabisa nkhope mu fayilo. Anaona ID, kenako Alonzo anaimirira osafunsidwa, akuti bwana, m'dera lino munthu wakuda safa ine osadziwa, awa sindinawagwirepo. Ndiye wapampando anafunsa kuti nanga Elbert Crenshaw wa mu nyuziyu ndani. Mwana wanga, bambo ako anavula chipewa. Anaima popanda ndodo. Anati, ameneyo ndi mwana wanga woyamba, anamwalira chaka chatha mwezi wa August, sanaphonyepo chisankho ngakhale chimodzi, ndipo theka la anthu ali muno anawanyamula ndi iye. Anati dzina lakelo mulichotse mwaulemu, langalo mulibweze. Mtsikana wolemba uja anapempha tissue. Dzina labwerera, Verlene. La mayi Pearlie nalonso, ngakhale anayankhira pakhomo pa toilet.

14:35 Verlene: zkm abusa

14:35 Verlene: zkm

14:36 Verlene: ali bwnj iwowo

14:41 Alonzo: ali bho. adya mlamba wa amayi a kwaya mbale ziwiri. akuti tsiku la voti ndidzabwere ndi yomweyi, anthu amapatuka

14:42 Alonzo: amayi a kwaya akufunsa ngati kumbuyo mungalowe mipando

14:42 Abusa Odessa: tikambirana ku komiti

14:58 Alonzo: verl tichedwa pang'ono. akuti tidzere ku manda a mpingo, akamuuze Junior okha asanamve kwa ena

14:59 Verlene: ok

14:59 Verlene: usawathamangitse

15:46 Alonzo: 📷 chithunzi

15:46 Alonzo: tanyamuka. agona pa mpando, chipewa pamaso

15:47 Verlene: alonzo chithunzi ichi mu galimoto imeneyo

15:47 Alonzo: akupuma verl. ndimadziwa kusiyanitsa

15:48 Verlene: yendetsa pang'onopang'ono

15:48 Alonzo: sindidziwa kayendetsedwe kena