Sitata ya Galimoto ya Bambo Ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi kamdzukulu kanga kosusuka kaja. Kodi chifuwa chija chinakasiya? Ife kuno tilipo, ndipo kunena zoona, sabata ino ndi imene ndayambanso kugona tulo teniteni.

Nkhani ndi ya galimoto ya bambo ako, ija akhala akulumikiza kuseri kwa nyumba chipumire pa ntchito. Ukudziwa kuti injini anaichotsa m'galimoto ina, giyabokosi m'galimoto inanso, ndipo sitata inalibe. Kuti ilire tinkachita kukankha. Bambo ako atatuluka m'chipatala, dokotala anawauza pamaso panga kuti mtima wawo sukufunanso zolemetsa, ngakhale ndowa ya madzi. N'chifukwa chake iwe unatumiza sitata yatsopano ija, yonyezimira, m'bokosi lake.

Mwanawe, sitata ija sinagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Pa foni anakuuza kuti ikugwira bwino, ndipo inenso anandinamiza chimodzimodzi. Ndikangopita kumsika, iwo ankatsegula geti, kukankha galimoto okha mpaka pa kamtsetse ka pamsewu paja, kudumphiramo n'kuiliza ndi giya. Pobwera ndinkaipeza ikulira pabwalo, eni ake akupukuta galasi ngati munthu wosalakwa.

Tsiku lina ndinabwerera panjira nditaiwala chikwama. Ndinawapeza atakhala pansi pa geti, atatsamira tayala, dzanja lili pachifuwa, milomo itayera. Ndinathamangira m'nyumba kukawatengera mankhwala. Atamwa mankhwala awo n'kupezako bwino, mantha anga anasanduka mkwiyo. Ndinakhoma geti ndi loko, kiyi n'kumumangirira pansonga ya nsalu yanga. Ndinawauza kuti ngati atopa nane anene, kusiyana n'kundisiya wamasiye chifukwa cha chiphakasa.

Apo m'pamene anaulula. Akuti iwe unagula sitata poyang'ana dzina la injini, pamene sitata imamangidwa pa giyabokosi. Mabawuti anachita kuwakakamiza mpaka analowa, koma mano ake safika pa fulayiwilo, gudumu la mano lija limene limazunguza injini. Imangozungulira payokha, fwiii, osagwira kanthu. Nditawafunsa chifukwa chimene sanakuuzire, anayang'ana kumbali. Anati mwana wakhetsa thukuta poganizira bambo ake, ndiye iwo angayambire pati kumuuza kuti walakwitsa? Ndinafuna kuwakalipira, koma misozi inanditsogolera.

M'mawa mwake tinachita zimene zikanayenera kuchitika poyamba. Anadula katoni n'kudindapo mabowo a pa giyabokosi. Mano a fulayiwilo anawapaka girisi n'kudindanso, ndipo kuya kwa bowo anayeza ndi kamtengo. Tinatenga zimenezi kupita kwa Chadzimbiri, bambo uja wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Ine ndinapita nawo ngati wapolisi, kuti asanyamule kanthu.

Kumeneko ndinawakhazika pa mpando, ine ndi Chadzimbiri tikufukula mulu n'kumawapatsira. Sitata ina mabowo ankagwirizana koma mphuno inali yaitali. Ina inakwana bwino, koma ataigunditsa pa batire bambo ako anati ikuzungulira chobwerera. Chadzimbiri anaseka nati tingotenga yomweyo, tiziyenda chafutambuyo kuti tisamaiwale kwathu. Imene inagwirizana ndi katoni ponseponse inali yonyansa, yakuda bii, yochokera m'kagalimoto konyamula buledi. Ine ndinakayika, koma bambo ako maso anali atawala kale.

Anaitsuka n'kuimanga, ine ndikuwapatsira masipanala. Atapotokola kiyi, injini inangoti kho, kho, vuuu! Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira ngati mwana, mpaka anansi kusuzumira pa mpanda. Mtima wanga wakhala pansi, mwanawe. Ntchito imene inkafuna chifuwa chonse tsopano ikufuna zala ziwiri zokha, ndipo loko uja ndamuchotsa.

Za sitata yako usadandaule. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli mwadyera limodzi ndi bambo ako. Chadzimbiri anapempha kuti tisinthane nayo, iwo anakana kwamtuwagalu. Panopa ili pa kabati pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wathu, ndipo amaipukuta kuposa mmene amapukutira chithunzicho.

Pempho langa ndi ili. Ukaimba foni, usaonetse kuti ndakuuza kanthu. Ungowapempha kuti alize galimoto umve. Adzatuluka nayo foni panja, adzapotokola kiyi, ndipo adzakufunsa monyadira ngati waimva sitata yako. Uvomere, mwanawe. Bodza limeneli ndi lokhalo ndawalola kusunga, chifukwa silifuna kukankha.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, ndipo kamdzukulu kanga ukauze kuti agogo ake aamuna akasungira mpando wakutsogolo. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine,
Mayi ako