Bokosi Langa M'mgodi wa Malume

Lolemba, 12 Juni 2023, Silobela

Tafika ndi bokosi langa. Langa, inde. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulumikiza nthambo zake ku yunivesite, zala zonse zipsera. Ntchito yake: kuwerenga mamyuoni, tinthu tosaoneka togwa kuchokera kumwamba. Mamyuoni amafa msanga zedi, sakanafika n'komwe pansi pano, koma liwiro lawo limachedwetsa nthawi yawo. Relativiti yeniyeni, osati ya pabolodi.

Aphunzitsi athu, a Dokotala Sulemani, akufuna tidziwe kuti ndi angati amaboola thanthwe mpaka pansi pa mgodi. Wolemba ripoti labwino amusankhira malo a masitazi ku Cape Town. Malo amodzi. Ife awiri, ine ndi Munyaradzi.

Lachiwiri, 13 Juni

Sindilowa. Mgodi ndi wa malume anga enieni, a Sandifolo, wowapempha ndinali ine, koma akuti, "Aida mwanangu, mkazi akalowa mugodhi golide amathawa. Makorokoza anga, anyamata okumbawa, angandisiye ndekha."

Chipewa ndi tochi apatsa Munyaradzi. Munthu amene anakhoza mayeso ndi manotsi anga! Watsika ndi chingwe, bokosi langa pachifuwa ngati mwana wake. Ine pamwala tsiku lonse, kuonerera mbuzi.

Lachisanu, 16 Juni

Munyaradzi amatuluka ali matope okhaokha, mano mbee, akuseka ndi anyamata okumba. Ayamba kumutcha Profesa. Manambala akubwera abwino, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Watumizira a Dokotala chithunzi ali pansi, dzanja pabokosi. Yankho lake: "Wagwira ntchito, Munyaradzi." Nanga ine ndinagwira chiyani?

Nsanje, ndikuvomera.

Lamlungu, 18 Juni

Wandibweretsera mabanzi. Akuti anawauza anyamata kuti bokosi anapanga yekha, "kuti asalikane poti ndi la mkazi, sha. Paripoti dzina lako lidzayamba." Mwina akunena zoona. Nkhope yake ndi ya munthu wabwino, ndiye zikungondinyansa. Mabanziwo ndadya.

Lachitatu, 21 Juni

Golide wachepa sabata ino, akutero. Masana pakamwa pa mgodi Yafeti, woyendetsa chingwe, amatamanda mutu wa Profesa, kuti anthu otere sabadwa kawiri. Sindinaganize n'komwe. Ndinangodzuka: "Bokosilo ndinapanga ndine, ndi manja awa. Iyeyu ngakhale potsegulira sadziwa."

Malume maso pansi. Kwa kanthawi ndinamva kukoma, sindinama.

Lachinayi, 22 Juni

Alitulutsa m'mawa. Alikoka pachingwe ngati ndowa ya matope, palibe wofuna kuligwira. Limafunika likhalebe pansi mpaka mwezi uthe. Manambala amene tili nawo sakukwanira ripoti la aliyense, langa kapena lake. Malume apita kukafuna mbuzi yoyeretsera mgodi, sakundilankhula. A Dokotala pafoni mawu ochepa: za Cape Town ayang'ana kwa ophunzira ena.

Munyaradzi sanakalipe. Bola akanakalipa. Wapukuta matope ndi malaya ake, walinyamula mpaka pabasi, n'kuliika pamiyendo panga. "Tenga, sisi. Tsopano onse akudziwa kuti ndi lako."

Tikuyandikira Kwekwe. Wakhala kutsogolo, sanatembenuke chichokereni. Ndikufuna kumuitana, koma ndiyambira pati?