Mwana wanga akufuna ndiwo ya chaka cha njala pa Khirisimasi

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Chelstone, ndinapuma pa ntchito ya unamwino. Mwana wanga Bethany anakwatiwa ndi Morris, ndipo amakhala ku Kabulonga, kumayadi kwa anthu olemera. Chaka chino awiriwa aleka kudya nyama, nsomba, mazira, ngakhale mkaka. Akuti ndi mavigani. Atiitana kukadya Khirisimasi kwawo, ndipo atichenjezeratu kuti patebulo sipadzapezeka kanthu kamene kanayendapo kapena kusambira.

Zimenezo ndikanapirira. Koma Lamlungu lapitali Bethany anandiimbira foni n'kunena kuti, "Mami, mukatipangile ndiyo ija ya mango yamene munali kudya kumunzi. Banzake ba Morris bazaikonda maningi, ni yachilengedwe."

Aphungu, ndiwo akunenayo si ndiwo ayi. Chinali chaka cha njala kwathu ku Katete, ine ndili kamtsikana. Amayi ankawiritsa mango aawisi ndi mchere, ife n'kudya, n'kukagona m'mimba mukulira. Mng'ono wanga sanafike nyengo yokolola. Nkhaniyi ndinkawauza ana anga akamanyanyala chakudya, koma za mng'ono wangayo sindinkatchula. Ndiye mwanayu anangotolapo za mango basi.

Dzulo ndinagula mango ku City Market kuti ndiyesere. Fungo litangotuluka mumpoto, ndinazimitsa sitovu n'kukakhala panja. Amuna anga, ba Lemmy, sakuthandizanso. Akuti, "Ine nizayamba nadya mbuzi ku Kamwala, elo tiyende tikadye udzu wa mukamwini." Amayi akumpingo nawo, atamva zoti ku Kabulonga sakudya nyama, ayamba kundifunsa mwachifundo ngati Morris ntchito inamuthera.

Ndinavutika zaka zonsezi kuti ana anga azidya nkhuku pa Khirisimasi. Lero akundituma chakudya cha njala kuti chikaikidwe m'mbale yagalasi. Ndikane?

R.P., Chelstone

Mayi R.P.,

Pepani kwambiri za mng'ono wanu. Koma pa nkhani ya kulera ana ndikuyamikeni. Mwana wokana nyama mwa kufuna kwake ndi mwana amene anakula wokhuta. Ntchito munaigwira, mwinanso munachita kupyoza.

Musakane. Bethany sakukunyozani, nkhani ija munangomuuza theka. Muitaneni abwere ku Chelstone yekha tsikulo lisanafike, mumuuze zonse, ndi dzina la mng'ono wanu lomwe. Musadikire patebulo, pamaso pa alendo amene adzakhale akujambula mbale ndi mafoni.

Mukatero phikani, koma osati zija za ku Katete. Sankhani mango oyamba kupsa koma olimbabe, muwasende n'kuwadula timagawo. Kazingani anyezi m'mafuta ophikira, ikanimo adyo, jinja ndi tsabola, kenako mangowo, shuga, mchere ndi viniga pang'ono. Moto ukhale wochepa, muzitakasa mpaka zigwirane ngati jamu. Zikazizira ikani m'botolo louma bwino, ligone mufiriji kuti zikolerane. Fungo lake silidzakukumbutsani kanthu, chifukwa chaka chija shuga ndi mafuta kunalibe. Ngati Bethany angafune, mumupatse mpeni, asende nanu.

Amayi akumpingo muwauze kuti mtima ukhale m'malo, ku Kabulonga kusadya nyama kumadula kuposa kuidya. Ba Lemmy asiyeni adye mbuzi yawoyo, bola atsuke m'kamwa, ndipo mawu oti udzu akawasiye pageti.

Chenjezo langa ndi ili. Mukadzalawa, dzanja lidzayabwa kuti muthiremo kapenta wosinja kapena kakyubu ka nkhuku kokometsera ndiwo, poganiza kuti palibe adzadziwe. Musayerekeze. Mlendo wina adzafunsa mmene munaphikira, Bethany adzakuyang'anani monyadira, ndipo inu mudzayenera kunama pamaso pa mwana wanu, pa tsiku lobadwa Ambuye.

Aphungu