Chitseko Ndimatsegula Ndine

Lamulungu, 4 Ogasiti

Wabweranso pa nthawi yake yeniyeni. Jussara anamuuza kuti nkhomaliro ya kwa agogo ndi masana, iye masana enieniwo gogogo pakhomo, ine tsitsi lili nyankhalala, nkhuku isanalowe n'komwe mumphika. Jussarayu, mdzukulu wanga, anasowa mwamuna m'Brazil monse muno mpaka kukatola wa ku Norway. Dzina lake Sindre. Ine ndimati Nsungwi. Kutalika, kuwonda, ukamuyankhula umangomva mphepo.

Akuti akuphunzira Chipwitikizi pafoni. Ndati tanenani, timve. Wakonza kukhosi, nati, "Chimbalangondo chikuwerenga nyuzipepala." Zikomo bambo. Tsiku limene chimbalangondo chidzafike ku Ponte Nova kuno tidzakuitanani mudzacheze nacho.

Ndati ndimuwonjezere nkhuku ya therere, akuti, "Ayi." Ayi wouma gwa, ngati ndikumutsatsa bokosi la maliro. Pochoka watsegula yekha chitseko. Ndi mwana yemwe amadziwa kuti mlendo akadzitsegulira yekha sabweranso. Jussara akuti, "Agogo, amakumverani chisoni ndi mawondo anuwo." Mawondo angawa anakamudandaulira liti?

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Jussara wabwera kudzatenga mwana wake Dalva maso ali psuu. Kamwanaka kamaswera ndi ine amake akakhala kuntchito, dzino lake loyamba ndinaliona ndine. Jussara akuti mwamuna wake watopa kukhala ngati kabati pakati pa anthu oseka. Ntchito yake ya pakompyuta angaigwire kulikonse. Zikapitirira chonchi, pa Khirisimasi apita ku Norway. Onse atatu.

Ndati, "Pitani, mukazizidwe bwino." Atachoka ndapeza kasokosi ka Dalva pansi pa mpando. Khofi wandikanika kumwa.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Kuyambira mawa mwanayo azibwera naye ndi Nsungwi, ndipo asamathawe. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, koma pomuphunzitsa mayankhulidwe akwathu foni singandipose.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Phunziro loyamba, kukana chakudya. Mawu pang'ono, manja kwambiri. Ndati munthu sanena ayi. Umagwira pamimba n'kunena kuti, "Aa agogo, ndakhuta, koma n'zokoma bwanji!" Ine ndikakamiza, iwe ukananso, ine ndikakamizanso, iwe udya.

Waganiza mpaka khofi kuzizira. "Ndiye... ndidya basi?"

Ee.

"Nanga kukana, chifukwa?"

Ambuye ndigwireni dzanja. Chifukwa tikucheza, bambo, sitili kuchipatala!

Wadya tibuledi ta tchizi mbale yonse. Mbali imeneyo wakhoza.

Lolemba, 12 Ogasiti

Cotinha wa nyumba yoyandikana nafe watulutsa mutu pawindo. "Zulmira, wayamba kuweta chinkhwe?" Ndati chinkhwe changa chili pa ntchito, mkamwini wako uja ali ndi chiyani kupatula ludzu?

Kenako, pofuna kuoneka waulemu, wauza Nsungwi kuti, "Mudzatiyendere tsiku lina, mudzamwe khofi." Mawu ongotaya, tonse timanena, palibe amapita. Nsungwi watulutsa foni. "Liti? Nthawi yanji?" Cotinha magazi kuthawa kumaso. Nyumba yake ija nkhumba ikalowa imapempha tsache. Phunziro limeneli sindifulumira nalo, ayambe wapitako kaye.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Zavuta.

Ndimamuphunzitsa kutsanzika. Umati ndapita, n'kukhalanso. Umatinso ndapita, n'kuimirira, nkhani ina n'kuyamba. Pakhomo nkhani ina. Osati iye, "tsalani" kamodzi, wazimiririka ngati wakuba. Waseka, wayeserera, zimayenda bwinobwino. Ndiye dzanja lake lalitalilo lafika pachitseko. Ndalimenya ndi chikombe. Ndamufotokozera zonse, pang'onopang'ono ngati kwa mwana.

Wamwetulira, nagogoda chitsekocho. "Agogo, ili ndi thabwa basi."

Thabwa! Magazi anandikwera. Ndati, "Ndiye tsegula thabwa lakolo, upite kwanu kozizirako, ndi mwanayo umutenge, tione ngati chimbalangondo chidzamuimbire nyimbo."

Masiku onsewa ndimabwereza mawu kasanu asanamve. Awa wamva onse kamodzi. Wanyamula Dalva, watsegula, wapita.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Mwana sanabwere. Akuti bambo ake amulera okha. Amulere, mu Chinorway.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Sanabwerenso. Nyumba zii, mpaka ndamva firiji ikuyankhula yokha. Cotinha akuti, "Chinkhwe chauluka?" Ndamutsekera windo kumaso.

Jussara wadutsa pochokera kuntchito. "Agogo, mukamupepese." Ine? Ndam'patsa jamu wa gwafa ndi tchizi kuti akam'patse Nsungwi, kupepesako akumve yekha. Wakhala pampando, n'kufunsa, "Za chitsekozi n'chifukwa cha adadi, eti?"

Ndati nyemba zikupserera. Panalibe nyemba pamoto. Valdir mwana wanga anadzitsegulira yekha m'mawa wina, chikwama paphewa, akuti akukafuna ntchito ku São Paulo, asandidzutse. Jussara anali akukwawa, ngati Dalva panopa. Mpaka lero. Kaya thabwa, kaya si thabwa, ine sindiyesanso.

Jussara wapita ndi jamuyo, ndipo ndikumudziwa, pakamwa pake sipasunga kanthu, za Valdir akamuuza Nsungwi.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Masana akwana, palibe. Ndasuzumira pawindo mpaka Cotinha kundifunsa ngati ndikudikira chibwenzi. Afika mochedwa ndithu, nkhuku itapsa kale. Jussara akuti anamuimitsa dala Nsungwi pakona, iye akuyang'ana wotchi thukuta lili kamukamu, kuchedwa kukumuwawa ngati dzino.

Patebulo ndati ndimuwonjezere. Wagwira pamimba. "Aa agogo, ndakhuta, koma n'zokoma bwanji!" Ndakakamiza. Wakana. Ndakakamizanso. Wadya. Mawu ake okhotakhota ngati msewu wa ku phiri, koma afika.

Wati ndapita, wakhalanso. Wati ndapita, waimirira, n'kufunsa, "Pa Khirisimasi, agogo, mumaphika chiyani?" Jussara wayang'ana kudenga. Ndati mwendo wa nkhumba, koma ndi wa anthu amene alipo. Akuti, "Ndidzakana kawiri."

Kenako wafika pakhomo, Dalva ali kudzanja limodzi, dzanja linalo m'thumba. Wangoima.

"Agogo. Chitseko."

"Chatani? Si thabwa basi?"

"Thabwa, ee. Koma tsegulani inu."

Ndayamba ndamaliza kaye khofi wanga. Ndadzuka pang'onopang'ono, mawondo onse awiri akulira mokweza kuti amve bwino. Dzanja lake silinatuluke m'thumbamo.